Mbalame za m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa

Anthu ambiri akamva kuti munthu wapita kukaona mbalame amaganiza za alendo ochokera kunja amene amalipira ndalama zambiri kuti akwere boti pa mtsinje wa Shire ku Liwonde. Ku Liwonde kulidi mbalame zochititsa kaso, koma zambiri mwa mbalame za m'madzi zimene ine ndimazidziwa ndinaziphunzira ndikuyenda wapansi m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa, makamaka cha ku doko la Kachulu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba. Kumeneko kulibe chipata cholipirira ndiponso kulibe mlonda wokulondolera njira. Kuli minda ya mpunga, ng'ombe, asodzi, matope, ndi kamzere kataliko pamene madzi amakumana ndi mtunda. Pafupifupi zonse zimene mbalame za m'dambo zimachita pa moyo wawo, kudya, kuswana ndi kubisala, zimachitikira pa kamzere kameneka.

Kuti munthu amvetse mbalame za ku Chilwa ayenera kuyamba waimvetsa nyanjayo. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, koma khalidwe lake ndi losiyana kotheratu ndi la nyanja ya Malawi. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi ake m'menemo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umawatulutsa. Madziwo amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere ndipo amaoneka amatope chaka chonse. Nyanjayi ndi yosaya, moti m'malo ambiri msodzi amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi yaitali, ndipo popeza pansi pake ndi pathyathyathya, madzi akatsika pang'ono chabe gombe limathawira kutali kwambiri. M'zaka za 1968 ndi 1995 nyanjayi inaphwa, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso mpaka anthu ankafika pachilumba cha Chisi wapansi kapena panjinga. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, madzi anabwerera mwamphamvu n'kumiza malo amene anthu ankalima. Choncho malo amene ndinaimapo mu Okutobala n'kuona mbalame zikudya m'matope akhoza kukhala pansi pa madzi mu Marichi, ndipo ulendo uliwonse umayamba ndi kufunsa anthu a m'deralo kumene gombe lafika tsopano.

Ndimanyamuka m'bandakucha kuti dzuwa lizituluka ndili kale pa mizere ya minda ya mpunga. M'mawa mbalame zimakhala ndi njala ndipo zimadya poyera, mphepo imakhala isanayambe, komanso nthunzi imene imachititsa kuti zinthu zakutali zizioneka ngati zikunjenjemera masana imakhala isanakwere. Chimene ndinaphunzira m'kupita kwa nthawi n'chakuti mbalamezi sizikhala mosakanikirana mwachisawawa monga zimaonekera munthu akangofika kumene. Mtundu uliwonse uli ndi kuya kwa madzi kumene umakonda, molingana ndi kutalika kwa miyendo yake ndi kapangidwe ka mlomo wake, ndipo munthu akamayenda kuchokera kumtunda kulowera kunyanja amadutsa m'magulu a mbalame limodzi ndi limodzi.

Oyamba kukumana nawo ndi akakowa oyera amene amatsatira ng'ombe pa msipu. Iwowa safuna madzi kwenikweni, amangodikira ziwala ndi achule amene ng'ombe zimavumbulutsa poponda udzu. Pafupi ndi ngalande zothirira mpunga pamakhala nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu wosongoka kumbuyo, imene ambiri tinakula tikuiopa chifukwa akuluakulu ankatiletsa ndithu kuphwasula chisa chake. Ine chiletsocho ndimachiyamikira, chifukwa chisa cha nantchengwa ndi ntchito yaikulu. Yaimuna ndi yaikazi zimatuta timitengo masauzande, udzu, matope ngakhale nsanza, n'kumanga pa mphanda ya mtengo chinyumba chokhala ndi denga ndi khomo laling'ono loyang'ana pansi, cholimba moti chikhoza kunyamula munthu wamkulu ataimapo. Nantchengwa akachisiya, akadzidzi ndi mbalame zina amalowamo n'kuswana. Kadyedwe kake nakonso n'koyenera kukaonerera: amayenda pang'onopang'ono m'madzi osafika m'mawondo ake, n'kumagwedeza phazi limodzi m'matope kuti mbululu ndi tinsomba tidzidzimuke, kenaka amatola ndi mlomo mofulumira.

Kupitirira pamenepo pali matope onyowa ndi madzi ongofika m'kakolo, ndipo apa ndi pamene ndimakhalitsa kuposa pena paliponse. Kuyambira cha mu Seputembala mpaka mu Epulo pamadzaza timbalame totuwa ta miyendo yopyapyala, timene munthu wongodutsa sangatiyang'ane kawiri. Tina timagwedeza mchira mosalekeza tikamayenda, tina timathamanga pang'ono n'kuima dwii, tina timalowetsa mlomo m'matope kufunafuna nyongolotsi. Tambiri mwa timbalame timeneti, timene m'mabuku a Chingerezi timatchedwa sandpiper, greenshank ndi ruff, sitiswana kuno. Mazira timaikira kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, m'maiko monga Finland ndi Russia, ndipo kukayamba kuzizira kumeneko timauluka makilomita masauzande ambiri, kudutsa nyanja ya Mediterranean kapena chigwa cha Nile, kudzafuna chakudya m'matope a ku Kachulu. Kambalame kosalemera ngakhale magalamu 100 kamachita ulendowu kawiri pa chaka. Ndikakhala pa mzere wa munda n'kumakayang'ana kakutola tizilombo pafupi ndi mayi amene akuwokera mpunga, ndimaona kuti dambo limene ena amalitcha malo opanda ntchito likudyetsa zamoyo za maiko amene ambiri a ife sitidzawaona n'komwe. Anamzeze ambiri amene amagona m'mabango nthawi ya dzinja nawonso ndi alendo ochokera komweko.

Madzi akafika m'mawondo a munthu pamayamba mbalame za miyendo yaitali. Pali ija ya khosi lalitali imene ena amaitcha chimeza, yomwe imaima osasuntha kwa nthawi yaitali kwambiri mpaka nsomba itaiwala kuti pali choopsa. Pali adokowe akuda amene milomo yawo siikumana pakati ngakhale ataitseka, ndipo mpata umenewu ndi umene umawathandiza kugwira nkhono za m'madzi n'kutulutsa nyama yake osaphwanya chigoba chonse. Pamene adyera pamatsala milu ya zigoba. Palinso mbalame yoyera ya mlomo wophwatalala kumapeto imene imayenda ikupukusa mutu uku ndi uku, mlomo uli m'madzi, ndipo imagwira chakudya pochikhudza osati pochiona. Koma imene imandikondweretsa kwambiri ndi kakowa wakuda bii wa mapazi achikasu. Iyeyu amayenda masitepe angapo, kenaka amatambasula mapiko onse awiri kutsogolo n'kudziphimba mutu ngati ambulera, ndipo amakhala choncho kwa kanthawi kochepa. Mthunzi umene amapangawo umakopa tinsomba tofuna pobisala komanso umachotsa kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kuti aone bwino. Akagwira kapena akalephera, amapinda mapiko, amayendanso pang'ono n'kubwereza. Tsiku lina ndinapeza gulu la akakowa amenewa pa thamanda limodzi, aliyense akutsegula ndi kutseka mapiko pa nthawi yake, ndipo anyamata awiri amene ankapita kukawonjola mono anaima pambali panga n'kuonerera mpaka dzuwa linakwera, ngakhale kuti anabadwira pomwepo ndipo anaona zimenezi kambirimbiri.

Pakati pa madzi osayawa ndi nyanja yeniyeni pali njedza, zomera zazitali za m'madzi zimene zazungulira Chilwa pamtunda waukulu, makamaka chakumpoto. M'njedza maso sathandiza kwambiri, chofunika ndi makutu. Mumamveka kulira kwa tinkhuku ta m'madzi timene sitikonda kutuluka poyera, mumamveka phokoso la atchete akuluka zisa zawo, ndipo nthawi zina pamangooneka miyendo yofiira ikuwoloka kampata kamodzi n'kusowanso. Pa timaiwe ta bata timene pamwamba pake payala masamba a zomera za m'madzi pamayenda mbalame yofiirira ya khosi loyera ndi chipumi chabuluu, imene m'mabuku imatchedwa jacana. Zala zake ndi zazitali modabwitsa, ndipo zimagawa kulemera kwa thupi lake kuti tsamba lisamire ikapondapo. Pa mbalame imeneyi yaikazi ndiyo yaikulu, ndipo imaikira mazira kwa amuna angapo; wofungatira mazira ndi kulera anapiye ndi yaimuna. Ikaona choopsa imanyamula anapiye m'kati mwa mapiko, n'kumathawa nawo timiyendo tawo tikulendewera pansi. Ndinaziona ndi maso anga kamodzi, chapafupi ndithu, pamene mphamba anadutsa chapansipansi, ndipo ndinazindikira kuti ndikanakhala kuti ndinayandikira kwambiri, wochititsa mantha amenewo ndikanakhala ineyo. Kuyambira pamenepo mbalame ikasiya kudya n'kudzutsa mutu kundiyang'ana, ndimaima kapena kubwerera m'mbuyo.

Kutsidya kwa njedza, kumene asodzi amamanga zimbowera zawo, timisasa toyandama, n'kumakhala pamadzi masabata ambiri, ndi kwa mbalame zosambira ndi zodumphira. Kuti munthu afikeko ayenera kupangana ndi mwini bwato. Kumeneko kuli avuwo amene amasodza mogwirizana, kuzungulira nsomba n'kumiza milomo yawo ya matumba nthawi imodzi. Kuli mphipi zimene zimamira n'kukatulukira patali, ndipo zikatha kusodza zimakhala pa chikhomo zitatambasula mapiko kuti aume, popeza nthenga zawo zimalowa madzi. Kuli atsekwe, komanso abakha am'tchire amene amauluka m'magulu akulira ngati mluzu, makamaka madzulo akamapita kukadya m'minda ya mpunga. Avuwo ndi mphipi zimadalira matemba, makumba ndi milamba, nsomba zomwezo zimene zimadyetsa mabanja a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, moti chaka chimene asodzi akudandaula, avuwo nawonso amachepa. Pamwamba pa zonse pali nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu. Ikamalira imaponya mutu kumbuyo, ngakhale ili m'mwamba, ndipo kawirikawiri yaimuna ndi yaikazi zimalandizana. Ya mawu okulirapo ndi thupi lalikulupo ndiyo yaikazi.

Ndimayendanso m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndikapeza mpata, ku Senga Bay kapena ku Mangochi, ndipo kusiyana kwake kumaphunzitsa zambiri. Pa gombe la mchenga woyera ndi miyala, pamene alendo amakonda, mitundu ya mbalame ndi yochepa. Pamakhala nkhwazi, mphipi, ndi kambalame ka mawanga akuda ndi oyera kamene kamaima m'malere pamalo amodzi kakukupiza mapiko, mlomo utaloza pansi, kenaka n'kugwera m'madzi chamutu. Pachilumba cha Boadzulu mphipi zimaswana zambiri mpaka miyala ndi mitengo zinayera ndi zitosi. Koma munthu akafuna mitundu yambiri ayenera kusiya mchengawo n'kupita kumene mtsinje ukuthira m'nyanja, kapena ku malo ngati Chia ku Nkhotakota, kumene kuli matope, mabango ndi madzi osaya. Malo amene amaoneka auve kwa munthu wofuna kusambira ndi amene ali ndi chakudya.

Sindingalembe za mbalame za ku Chilwa popanda kunena za alenje, chifukwa ambiri mwa aphunzitsi anga ndi iwowo. Bambo wina wachikulire amene wakhala akutchera mbalame kuyambira ali mnyamata anandionetsa mmene amadziwira mtundu wa mbalame poona mapazi ake m'matope, mwezi umene mtundu uliwonse umaikira mazira, ndi mbalame zimene zimafika madzi akayamba kukwera. Zambiri zimene anandiuza ndinazipeza zikugwirizana ndi za m'mabuku, ndipo zina m'mabukumo mulibe. Mbalame za m'dambo ndi ndiwo komanso ndalama kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanjayi. Amazigwira ndi misampha ya zingwe, ulimbo, maukonde, ndipo ena ndi mfuti, n'kukazigulitsa zootcha kapena zokazinga m'misika. Ulenjewu umakula m'miyezi ya dzinja, pamene nkhokwe zatha ndipo usodzi wa makoka watsekedwa kuti nsomba ziswane, koma miyezi yomweyo ndi imene mbalame zambiri zimakhala pa mazira. Vuto lagona pamenepo. Munthu amene ana ake agona ndi njala sangauzidwe kuti angosiya kutchera chifukwa mbalameyo ndi yokongola, ndipo ine sindigwirizana ndi anthu a m'tauni amene amanena za alenje ngati adani a chilengedwe. Komanso n'zoona kuti mbalame imene yagwidwa pa chisa yapita pamodzi ndi mazira ake onse, ndipo alenje enieniwo amavomereza kuti mitundu ina siikupezekanso monga kale.

Njira imene ndimaiona kuti ili ndi nzeru ndi imene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi linathandiza kuyambitsa, yoti alenje akhale m'magulu awoawo, apatule malo ena oswanirana mbalame kumene munthu saloledwa kutchera, ndiponso agwirizane za nyengo yopumira. Lamulo limene apanga anthu okhala pomwepo, mafumu akudziwa, limamveka kuposa lochokera ku ofesi yakutali, popeza wolisunga ndi woliphwanya amadziwana. Magulu otere amafooka thandizo likatha kapena chilala chikavuta, ndipo amafunika kuwalimbikitsa nthawi ndi nthawi, koma maziko ake ndi olondola.

Ngakhale zili choncho, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si misampha ayi, koma kutha kwa malo enieniwo. Mitengo ikadulidwa m'mapiri a Zomba ndi m'mbali mwa mitsinje, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya m'nyanja imene ndi yosaya kale. Madzi ambiri amapatutsidwira m'minda asanafike kunyanja. M'chilimwe njedza zimatenthedwa pofuna malo olima kapena posaka, ndipo moto umodzi umawononga pobisalira pa mbalame ndi poswanira nsomba pamtunda waukulu. Gombe likabwerera m'mbuyo, makasu amalitsatira mpaka m'matope enieni, osasiya ngakhale kachigawo. Nyanja ya Chilwa ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la maiko loteteza madambo, limene linasainidwa mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran, ndipo dambo la Elephant Marsh m'chigwa cha Shire linatsatira mu 2017. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chilwa pa mndandanda wa malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi mosamalirana. Maina amenewa ndi aulemu ndipo amathandiza pofuna thandizo, koma satchinga moto kapena dothi. Chimene chingathandize ndi kusiya mzere wa njedza ndi mabango osautentha, kubzala mitengo m'magwero a mitsinje, ndi kugwirizana pamudzi kuti matope ena a m'mphepete asalimidwe. Mlimi wa mpunga sataya kanthu pa zimenezi, chifukwa njedza zomwezo ndi zimene zimasefa madzi, zimasunga tiana ta nsomba, ndipo akakowa ndi adokowe amamuchotsera ziwala ndi nkhono m'munda.

Kwa amene angafune kuyamba, sikofunika kukhala ndi zipangizo zodula. Magalasi oonera patali amathandiza, makamaka pa timbalame totuwa ta m'matope tija, koma kope, pensulo ndi kuleza mtima zimakwanira poyambira. Ndi bwino kuvala zovala zosawala, kuyenda dzuwa lili kumsana, ndi kukhala pansi pamalo amodzi kwa theka la ola, popeza mbalame zimabwerera zokha zikaona kuti munthuyo sakusuntha. Majombo ndi ofunika chifukwa m'madzi odekha a m'madambo muli likodzo, ndipo m'mbali mwa Shire munthu asayandikire madzi asanafunse za ng'ona ndi mvuu. Mizere ya minda ili ndi eni ake, choncho ndimayamba ndapereka moni kwa amene ndawapeza, n'kufotokoza chimene ndabwerera, ndipo kawirikawiri amayi kapena abambo a pamundapo ndi amene amandilozera kumene abakha anatera dzulo lake.

M'kope ndimalemba tsiku, malo, pamene madzi afika, mitundu imene ndaona ndi kuchuluka kwake mongoyerekeza. Mbalame imene sindikuidziwa ndimalemba maonekedwe a mlomo, miyendo ndi kadyedwe kake, n'kukafunsa alenje kapena kuyang'ana m'buku pambuyo pake. Zolemba zotere zimaoneka zazing'ono, koma zikaunjikana kwa zaka zimasonyeza kusintha kumene munthu sangakukumbukire pamtima, monga mtundu umene wayamba kufika mochedwa kapena thamanda limene linasiya kusunga madzi. M'maiko ambiri a mu Africa muli kalembera wa mbalame za m'madzi amene amachitika mu Januwale ndi mu Julayi, ndipo amadalira anthu odzipereka, omwe kuno kwathu ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madambo athu. Mphunzitsi wa sukulu ya pafupi ndi dambo, ali ndi ophunzira khumi a m'kalabu ya zachilengedwe ndi mlenje mmodzi wodziwa malo, akhoza kuwerenga mbalame za pa thamanda limodzi kawiri pa chaka n'kutumiza zotsatira zake ku nthambi ya bungwe loona za chilengedwe imene ili pafupi naye.